Mpingo wa Mvera ndi Ana Ake m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mwa mabungwe onse amene adakhazikika m'chigawo chapakati cha dziko lathu lino, ndi owerengeka okha amene angalingane msinkhu ndi mpingo umene udabadwira patsinde pa phiri la Mvera, m'boma la Dowa, pa 28 Novembala 1889. Pakuti boma la Angerezi, limene lidadza pambuyo pake ndi mfuti ndi msonkho, lidatha. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidabwera ndi kupita. Ulamuliro wa chipani chimodzi, umene ambiri ankauyesa wamuyaya, nawonso udagwa. Koma mpingo uja ukalipo, ndipo ana ake afalikira m'mapiri ndi m'zigwa za Dowa ndi Ntchisi kotero kuti n'kovuta kuyenda mtunda wautali osapeza kachisi wa CCAP. Njerwa ndi chuma cha azungu amene adauyambitsa zidasuntha ndi kuchepa nthawi ndi nthawi, monga tidzaonera. Chimene chidaugwiriziza ndi anthu wamba a m'midzi, aphunzitsi, akulu a mpingo ndi amayi, amene adapeza m'chikhulupiriro chachikhristu pogwira pamene zina zonse zidali kugwedezeka, ndipo mbiri iyi kwenikweni ndi yawo.

Kuti timvetse chimene chidakopa makolo athu, tiyambe takumbukira mmene dziko lidaliri alendowo asanafike. Angoni a mfumu Chiwere Ndhlovu adali atakhazikika m'mapiri a Dowa, ndipo chaka ndi chaka, mvula ikatha ndi udzu ukauma, ankhondo awo ankatsika kukathira nkhondo midzi ya Achewa, kulanda ziweto, ana ndi akazi. Kunyanja nako, Jumbe wa ku Nkhotakota ankaolotsa akapolo m'zombo zake kupita nawo kutsidya kumene munthu sankabwerako. Anthu ambiri adasiya madambo achonde nakabisala m'nkhalango ya phiri la Ntchisi ndi m'mapanga, ena nadzitchinga m'malinga, kumalima timinda ta m'miyala maso ali kunjira. Pamwamba pa izi padali mantha ena osaoneka ndi maso, a ufiti ndi a mwavi, amene ankatha kupulula banja lonse tsiku limodzi imfa ya mwana mmodzi ikakayikitsa abale. Sindinena kuti makolo athu sankadziwa Mulungu, iyayi. Chauta ankamudziwa, nsembe ankathira, ndipo mwambo wawo udali ndi nzeru zambiri zimene ife a lero tazitaya mosaganiza. Koma mbadwo umenewo udali wolema ndi wothodwa, wosadziwa ngati mbewu yobzalidwa ndi mvula yoyamba idzadyedwa ndi mwini wake.

Andrew Charles Murray, mnyamata wa mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, ku South Africa, adafika m'dziko muno mu 1888, atatumidwa ndi kagulu ka abusa a mpingo wake amene ankasonkha ndalama za m'matumba mwawo, popeza mpingo wonse udali usanasenze ntchitoyo. Adayamba wakhala ndi amishoni a Livingstonia, a Dr Robert Laws, amene likulu lawo pa nthawiyo lidali ku Bandawe. Ndipo m'chaka chotsatira, atafika mnzake T.C.B. Vlok, awiriwo adayenda pansi m'dziko la Angoni la pakati kufunafuna malo, kufikira adamvana ndi Chiwere nakhoma hema wawo pa Mvera, malo okwera ndi a mphepo yabwino, koma osatalikirana kwambiri ndi doko la Domira Bay kumene sitima ya panyanja inkatsitsa katundu ndi makalata. Tisadzinyenge kuti mfumuyo idawalandira chifukwa cha ludzu la Uthenga Wabwino. Mafumu a masiku amenewo ankaona mzungu wokhala pakhomo ngati ulemerero ndi chishango pamaso pa mafumu anzawo. Komabe akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo pamene asilikali a boma la Angerezi adagonjetsa Mwase wa ku Kasungu kumapeto kwa 1895, napha Gomani wa Angoni a ku Ntcheu mu 1896, nathyola Angoni a Mpezeni mu 1898, dziko la Chiwere lidalowa pansi pa boma popanda nkhondo yotere, ndipo uphungu wa amishoni a pa Mvera udathandizapo pa zimenezi.

Zaka zoyambazo zidali za malungo ndi manda. A.C. Murray mwini wake adavulazidwa koopsa ndi kambuku, ndipo atachoka m'dziko muno utsogoleri udagwera mbale wake William Hoppe Murray, amene adafika mu 1894. M'chaka chomwecho Robert Blake adatsegula mishoni yachiwiri pa Kongwe, m'dera la mfumu Msakambewa, pamene lero pali sukulu ya sekondale yotchedwa dzina lake. Martha Murray, amene adafika mu 1893, adayamba kusonkhanitsa atsikana pa Mvera kuwaphunzitsa kuwerenga ndi ntchito za pakhomo. Nkhoma idatsegulidwa mu 1896. Nkhondo itabuka pakati pa Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902, mipingo imene inkatumiza chithandizo idalowa m'chisoni ndi umphawi, ndipo munthu akadayembekeza kuti kantchito kakang'ono ka m'mapiri a Dowa kafota. Sikadafote. Mlanda idatsegulidwa mu 1902, Mphunzi mu 1903, Malingunde mu 1907, ndipo mu 1910 moto udafika m'mapiri a Ntchisi pamene padakhazikitsidwa mishoni ya Chinthembwe, kufupi ndi nkhalango yomweyo imene kale idali pothawira anthu.

Wofunsa chifukwa chake ntchito idakula pamene ndalama zidachepa ayenera kuchotsa maso ake pa nyumba za pamishoni ndi kuyang'ana mphunzitsi wa m'mudzi, munthu amene mabuku a mbiri amamutchula mwa chiwerengero chabe, koma amene pa iye padatsamira zonse. Adali mnyamata wophunzira pang'ono, wolandira mashilingi owerengeka, wotumidwa kumudzi kumene adalibe mbale, nthawi zina kumene mfumu idamulola monyinyirika. M'mamawa, mame asanakamuke, ankaomba ng'oma kapena kachitsulo kopachika pamtengo, ndipo ana, pamodzi ndi akulu ena a ndevu zawo, ankakhala pa mitengo yogoneka m'kanyumba kofolera ndi udzu, kutchula zilembo mokweza mawu ndi kuzilemba ndi chala padothi kufikira atapeza sileti. Madzulo ankaphunzitsa Katekisma a m'kalasi, amene ankadikira ubatizo zaka zingapo akuyesedwa makhalidwe, Lamulungu ankalalikira, pakati pa usiku ankadzutsidwa kukapemphera ndi mwana wodwala, ndipo mwanayo akatisiya, iye yemweyo ndiye ankaima pamanda, pamaso pa anthu amene mitima yawo idali itayamba kale kufunafuna mfiti, ndi kunena za kuuka kwa akufa. Kamodzi pachaka ankabwerera kumishoni kukawonjezera maphunziro. Sukulu zotere zidafika mazanamazana, ndipo yambiri mwa mipingo imene lero ili ndi abusa ndi makachisi a malata idayamba ngati kasukulu ka mphunzitsi mmodzi.

Ena mwa eni dziko adaufuna okha Uthengawo, osachita kuukokeredwa. Wodziwika kwambiri ndi mfumu Msyamboza ya pa Chibanzi, munthu amene adakula m'masiku a nkhondo ndi malonda a minyanga, koma atakalamba adaitanitsa sukulu m'mudzi mwake, nalowa Chikhristu, nasandutsa mudzi wake chitsanzo cha ulimi, akulima tirigu ndi kuthirira mbewu m'chilimwe pamene anzake ankadikira mvula yokha. Mbiri yake tikuidziwa chifukwa Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi woleredwa ndi mishoni yomweyi, adaifufuza kwa okalamba naisindikiza m'buku la Msyamboza; ndiye yemweyo amene buku lake la Nthondo, lotuluka mu 1933, lidapata mphotho ndi kumasuliridwa m'Chingerezi ndi T. Cullen Young, ndiponso amene adatilembera Mbiri ya Achewa. Ndimanyadira ndikaganiza kuti mabuku oyamba otchuka a chinenero chathu adaphuka pa mtengo umene udabzalidwa pa Mvera, kumene makina osindikizira adayamba kugwira ntchito mu 1907 ndi kumene nyuzi ya Mthenga, kholo la Kuunika, idayambira mu 1909.

Mvera idayesedwa koopsa pamene idatsitsidwa pa mpando wake. Nthenda ya kaodzera, yofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, idabuka m'chigwa cha kunyanja, m'njira yomweyo ya ku Domira Bay imene mishoni inkadalira, kotero kuti boma lidaletsa anthu kuyenda mwaufulu m'deralo, ndipo gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Sir David Bruce lidamanga msasa pa phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera, kufufuza nthendayo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, likulu la mishoni lidasamukira ku Nkhoma, ndipo m'kupita kwa nthawi makina osindikizira, sukulu ya aphunzitsi ndi ntchito yaikulu ya chipatala zidatsatira komweko. Mayi adasanduka ngati mmodzi wa ana ake. Bungwe lokhazikika pa ulemerero wa malo likadafa nako kuchotsedwa kotereku. Koma Akhristu a pa Mvera adapitiriza kusonkhana, akulu a mpingo adapitiriza kuyendera miraga yawo, ndipo Mulungu, amene njira zake sizili njira zathu, adasungira dera lomweli ntchito yoposa ulikulu.

Pakuti pa phiri la Kaso lomwelo, pamene madokotala adafufuzapo nthenda, W.H. Murray adadzipatula kukatsiriza kumasulira Malembo Oyera m'chinenero chathu. Komiti ya mamishoni osiyanasiyana idayamba ntchitoyi mu 1900, ndipo Murray ankathandizana ndi Alexander Hetherwick ndi Robert Napier a ku Blantyre. Koma mzungu, ngakhale adziwe Chihebri ndi Chigriki chotani, sakadatha kupeza yekha mawu ofika pamtima pa Mchewa, ndipo n'koyenera kuti maina a aphunzitsi amene adakhala naye tsiku ndi tsiku, kupima mawu alionse ndi kukana osamveka, atchulidwe mwaulemu: Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibes Chikuse. Taganizirani nyengo imene ntchitoyi inkachitika. Kuyambira 1914 boma lidali kugwira amuna m'midzi kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ntchito ya tengatenga imene idameza amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino, ambiri nafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa, opanda wowaika m'manda. Napier naye adaphedwa pa nkhondoyo mu 1918. Nkhondo itangotha kudagwa mliri wa fuluwenza, umene udalowa mudzi ndi mudzi, kupha anyamata ndi atsikana a mphamvu zawo, mpaka okumba manda adalema. M'kati mwa misozi yonseyi, pa kaphiri ka m'boma la Dowa, anthu owerengeka adali kusanthula mawu a Yobu, a Masalmo ndi a Maliro a Yeremiya, kuti mtundu wosweka mtima upeze pakamwa podandaulira kwa Mlengi wake.

Buku Lopatulika lidasindikizidwa lathunthu mu 1922, ndipo ndiyesa kuti palibe chinthu china chimene mishoni idachita chopambana ichi. Kuyambira pamenepo chitonthozo sichidalinso m'manja mwa mzungu kapena mwa mphunzitsi yekha. Mayi wamasiye wodziwa kuwerenga, kapena wokhala ndi mdzukulu wodziwa kuwerenga, adatha kutsegula yekha bukulo pa kuwala kwa nyali ndi kumva kuti anthu a Mulungu akale nawonso adaona njala, ukapolo, imfa ya ana ndi kuponderezedwa ndi mafumu, koma sadatayidwe. Bukuli lidakonzedwanso mu 1936 ndi mu 1966, ndipo ngakhale lero kuli mamasuliridwe atsopano osavuta kumva, okalamba ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi, imfa ikayandikira, amapempha kuti awawerengere m'Buku Lopatulika, chifukwa mawu ake ndiwo adawalera.

Vuto lina lidali losaoneka ngati mliri, koma lidadya mabanja kwa zaka zambiri: msonkho ndi ulendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma lidaika msonkho wa mashilingi 6 pa nyumba, wotsika kufika pa 3 kwa munthu amene wagwirira ntchito mzungu mwezi wathunthu. Ndipo popeza m'mapiri muno mudalibe ntchito zolipira, amuna adayamba kuyenda pansi kupita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, poyamba paokha, pambuyo pake kudzera kwa olemba anthu ntchito a Wenela ndi a Mthandizi. Ena ankabwera ndi njinga ndi bulangete, ena ndi chifuwa, ena sankabwera konse, nasanduka machona. Mpingo udatsatira nkhosa zake: mu 1912 Vlok, yemwe uja adakhoma hema pa Mvera, adapita ku Salisbury kukaweta anthu a kuno, ndipo ntchito imeneyo idakula mpaka kukhala Sinodi ya Harare mu 1965. Mnyamata wa ku Chinthembwe wofika m'komboni ya dziko lachilendo, atanyamula kalata ya umboni yochokera kumpingo kwawo, ankapeza anthu oyimba nyimbo zomwe ankayimba amayi ake, ndipo ambiri adapulumuka ku mowa ndi kutayika chifukwa cha kapepala kameneko. Otsala kumudzi nawo adaona zawo pamene fodya, amene adalowa mwamphamvu m'Dowa m'zaka za m'ma 1920, adagwa mtengo m'zaka za m'ma 1930, alimi nabwerako kumsika manja ali m'khosi.

Koma amene adasenza katundu wolemera koposa adali amayi, otsala ndi munda, ana ndi okalamba, osadziwa ngati ali pabanja kapena ali amasiye; ndipo nkosadabwitsa kuti bungwe la Chigwirizano cha Amayi, litakhazikitsidwa mu 1940, lidamera mizu msanga kuposa china chilichonse mumpingo. Wofuna kuona chikhulupiriro chikugwira ntchito apite pa maliro a m'mudzi uliwonse wa kwa Chiwere, kwa Msakambewa kapena kwa Kalumo. Uthenga ukangomveka, amayi amasiya makasu m'munda; mmodzi amabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, wina ndi kambale ka ufa, wina ndi ndowa ya madzi, ngakhale nkhokwe zawo zili zopepuka. Amalowa m'siwa, nakhala pansi mozungulira namfedwa, mapewa kukhudzana, ndipo amayimba usiku wonse, nyimbo ikatha wina nayambitsa ina, kuti woferedwayo asakhale yekha ndi maganizo ake ngakhale kamphindi. Kukacha amavala malaya awo oyera, siketi yakuda ndi duku loyera, natsogolera bokosi ndi nkhata za maluwa. Ndipo anthu onse atabalalika, patapita sabata kapena mwezi, pamene chisoni chimafika pachimake chifukwa pakhomo pati zii, iwo amabweranso kudzasesa, kudzatunga madzi ndi kudzapemphera. Maliro n'kulirana, adatero makolo. Mwambo umenewu udalipo kale pakati pathu, ndipo Chikhristu chidaupeza, chidauyeretsa, nichiwonjezerapo chiyembekezo. Amayi omwewa ndiwo alangizi amene amalangiza anamwali ndi olowa m'banja m'Chilangizo, chimene mpingo udakonza kuti ana a Akhristu asakule opanda mwambo.

Chilungamo chifuna kuti tinenenso pamene mishoni idalakwa, popeza wokonda mpingo wake sabisa zilonda zake. Padapita zaka 36 kuchokera pa tsiku la hema lija kufikira 1925, pamene Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza adadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyi, ndipo kuchedwa kumeneku sikudali chifukwa chosowa anthu oyenera. Amishoni adachokera m'dziko la tsankho, ndipo ena mwa iwo adabwera nalo m'mitima mwawo. Adalimbikira maphunziro a m'chinenero chathu, ulimi ndi ntchito za manja, zimene zili zabwino ndithu, koma adazengereza kutsegulira ana a Achewa maphunziro apamwamba ndi Chingerezi, kotero kuti chigawo chapakati chidatsalira kumbuyo kwa Livingstonia ndi Blantyre pa kutulutsa anthu ophunzira kwambiri. Kulimbana kwawo ndi Gule Wamkulu kudagawa midzi pakati, mwana kudana ndi atsibweni ake, ndipo lamulo lakuti wamitala asiye akazi ena asanabatizidwe lidasiya amayi osalakwa ali pamtetete. Zipsera za zimenezi zikalipo. Chodabwitsa n'chakuti eni dziko adatha kusiyanitsa Uthenga ndi zofooka za woutenga. Adaugwira, nadikira moleza mtima kufikira mpingo udakhala wawo. Mu 1926 Nkhoma idalowa mu mgwirizano wa CCAP umene Livingstonia ndi Blantyre adaupanga mu 1924. Mu 1956 idakhala Sinodi. Ndipo mu 1962, zaka ziwiri dziko lisanalandire ufulu, mishoni idapereka ntchito zonse ndi katundu m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma. Maina a Katengeza ndi a m'busa wina, Josophat Mwale, akukumbukiridwa lero pa sukulu zophunzitsa atsogoleri a mpingo, ku Chongoni ndi ku Nkhoma.

Ufulu utabwera, yesero lidasintha nkhope. Mtsogoleri wa dziko, Dr Hastings Kamuzu Banda, adali mwana wa chigawo chino ndiponso mkulu wa mpingo wa Chipresbiteriyo, ndipo Sinodi idayandikana naye kwambiri kotero kuti pakamwa pake padalemera. M'boma lomweli la Dowa, pa Dzaleka, padali ndende imene anthu ankatsekeredwamo popanda kuzengedwa mlandu, pakati pawo a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967. Ndipo pamene mabishopu a Katolika adatulutsa kalata yawo yodzudzula nkhanza pa 8 Malichi 1992, mipingo ina nigwirizana nawo, atsogoleri a Sinodi ya Nkhoma adaima patali. Ichi ndi chinthu chomvetsa chisoni, ndipo ana athu ayenera kuchidziwa, kuti mpingo usadzagulitsenso mawu ake chifukwa cha ubale ndi olamula. Komabe ngakhale m'zaka zimenezo, pamene munthu ankaopa kulankhula ndi mnansi wake, mkazi amene mwamuna wake adatengedwa usiku adali ndi malo amodzi okhuthulirako mtima wake mosaopa kazitape, ndiwo pemphero. Ndipo panali Akhristu wamba amene adagawana chakudya ndi mabanja otere mwakachetechete. Kuyambira 1994 Dzaleka yemweyo ndi msasa wa anthu othawa nkhondo ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ndipo nawonso, atangofika opanda kanthu, chimodzi mwa zinthu zoyamba kumanga chidali nyumba zopemphereramo.

A msinkhu wathu adaona ndi maso mayesero awiri otsiriza. Edzi, imene idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, idakolola aphunzitsi, alimi, anamwino ndi akulu a mpingo omwe, nisiya agogo akulera adzukulu asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi khasu limodzi. Poyamba maguwa ambiri adalankhula za nthendayi ndi mawu achiweruzo, odwala nabisala ndi manyazi. Koma pamene maliro adafika m'nyumba za olalikira omwe, mpingo udaphunzira kuti tsoka silinunkha, ndipo amayi a Chigwirizano, amene sadadikire chilolezo cha msonkhano uliwonse, adali atayamba kale kusambitsa odwala, kuwaphikira phala ndi kusonkhera ana amasiye. Kenaka kudagwa njala ya 2002, itatha nyengo ya zokolola zochepa pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa. Mtengo wa chimanga udakwera kosaneneka, boma lidalengeza za ngoziyo mu Febuluwale chaka chimenecho, ndipo m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi anthu adadya gaga, mizu ya kutchire ndi zitsa za nthochi, ena nagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wa mbale ya ufa. Chikhulupiriro sichidadzaze nkhokwe, ndipo Akhristu adafa pamodzi ndi osapemphera. Chimene chidachita n'chakuti anthu ambiri, pamene njala inkawauza kuti aliyense adzionere yekha, adakumbukirabe kuti mnzawo ndi chifaniziro cha Mulungu. Makachisi adasanduka malo olemberapo ovutika ndi ogawirapo chithandizo, chifukwa mkulu wa mpingo ndiye ankadziwa khomo lililonse la m'mlaga wake, nyumba ya nkhalamba yosatha kuyenda ndi ya ana opanda makolo. Ndipo mvula itabweranso, omwewo amene adaika abale awo m'manda adasenza madengu a chimanga kupita nawo ku kachisi pa tsiku la masika.

Lero mipingo yobadwa mwa Mvera, Kongwe ndi Chinthembwe ili ndi abusa ake, madikoni ake, makwaya ndi magulu a achinyamata, ndipo ikulimbana ndi mavuto a nyengo ino: fetereza wokwera mtengo, mvula yosadalirika, mapiri ometedwa mitengo, ndi anyamata amene, monga azigogo awo, akuthamangiranso ku Joni. Ikupikisananso ndi alaliki olonjeza chuma ndi machiritso a pompopompo, amene chiphunzitso chawo chimasiya munthu wosweka kawiri pamene chozizwitsa chalephereka, pakuti amauzidwa kuti vuto ndi kuchepa kwa chikhulupiriro chake. Makolo a mpingo uno sadalonjezedwe moyo wopanda minga. Adaphunzitsidwa kuti m'chigwa cha mdima sayenda okha, ndipo chiphunzitso chimenecho chayesedwa ndi nkhondo, miliri itatu ndi njala.

Pempho langa likupita kwa inu abusa, alembi a mipingo ndi atsogoleri a Chigwirizano a m'Dowa ndi m'Ntchisi. Maina a Murray, Vlok ndi Blake ndi otetezeka, popeza adalembedwa m'mabuku a ku Cape ndi pa zipupa za sukulu. Koma maina a aphunzitsi amene adatsegula sukulu za m'midzi mwanu, a akulu a mpingo amene ankayenda mitunda pansi kukafika ku Mgonero, ndi a amayi amene adayambitsa Chigwirizano pa mpingo wanu ali m'mabuku akale a ubatizo amene chiswe chikudya m'makabati, ndi m'mitu ya nkhalamba zimene chaka chilichonse tikuziperekeza kumanda. Tulutsani mabukuwo, muwapukute ndi kuwasunga pouma. Tumani achinyamata a foni zawo akakhale pansi ndi agogo, awafunse za tengatenga monga adamvera kwa makolo awo, za machona, za njala ndi za nyimbo zimene zidawalimbitsa, ndipo alembe zonse m'Chichewa, monga adachitira Ntara pa Chibanzi. Yambani chaka chino, okalambawo akali ndi mawu.